Paulo Freire pa sikelo ya anthu ophunzira

ULÓNGUÈ — Chimanga timayeza ndi chitini, fodya timayeza pa sikelo, mbatata ya ku Tsangano timawerenga matumba. Nanga ntchito ya munthu amene anathera moyo wake wonse pofufuza njira zophunzitsira anthu kuwerenga ndi kulemba, tingaiyeze ndi chiyani?

Abale, funsoli lingaoneke ngati la anthu a m'maofesi, koma likutikhudza. M'mayunivesite, kuyambira ku Maputo mpaka ku London, akuluakulu amayeza anthu ofufuza chaka ndi chaka. Amene walemera pa sikelo yawo amakwezedwa pa ntchito, amapatsidwa ndalama zofufuzira, ndipo boma likamakonza maphunziro, mawu ake ndi amene amamveka. Zimene akonza kumeneko zimadzafika m'kalasi la mwana wanu ku Dómuè kapena ku Zóbuè. Tsono ndi bwino tidziwe kuti sikelo imeneyi imagwira bwanji ntchito, ndiponso kuti imabera pati.

Tiyeni titenge munthu mmodzi amene aphunzitsi athu ambiri anamva dzina lake pa nthawi ya kosi yawo. Ameneyu ndi Paulo Freire, mphunzitsi wa ku Brasil. Anabadwira mu mzinda wa Recife pa 19 Sepitembala 1921, ndipo anamwalira ku São Paulo pa 2 Meyi 1997. Ankalankhula ndi kulemba Chipwitikizi, ndipo anagwirako ntchito mu Africa muno.

KUWERENGA MAINA

Munthu wofufuza akalemba nkhani yake, kumapeto amandandalika maina a anthu onse amene watapako nzeru zawo. Zili ngati mlimi amene, anthu akayamikira nyemba zake, amanena kuti mbewuyi ndinaipempha kwa a Uje. Mwambo umenewu ndi wakale. Koma mu 1964 munthu wina wa ku America, Eugene Garfield, anatulutsa mabuku akuluakulu otchedwa Science Citation Index, momwe munalembedwa kuti wakutiwakuti watchulidwa ndi yani, ndipo kangati. Kuyambira pamenepo kutchulidwa kunasanduka chinthu chowerengeka ngati mbuzi m'khola.

Mu 2004 kampani ya Google inatsegula pa intaneti malo otchedwa Google Scholar, amene amawerenga okha maina amenewa popanda munthu kugwira pensulo. Chaka chotsatira, mu 2005, katswiri wina wa sayansi ku California, Jorge Hirsch, anakonza nambala imodzi yoyezera munthu yense. Amaitcha h-index.

Kuti timvane, tiyerekeze ndi minda. Mlimi ali ndi minda 8. Ngati minda 5 mwa imeneyi yatulutsa matumba 5 kapena kuposa, uliwonse pawokha, nambala ya mlimiyo ndi 5. Koma ngati munda umodzi watulutsa matumba 200 pamene ina yonse yapsa ndi dzuwa, nambala yake ndi 1 basi. Tsono m'malo mwa minda ikani nkhani zimene munthu walemba, m'malo mwa matumba ikani nthawi zimene anzake amutchula. Amene ali ndi h-index ya 30, ndiye kuti ali ndi zolemba 30 zimene chilichonse chatchulidwa kosachepera ka 30. Nzeru ya Hirsch inali yoti munthu asatame ndi munda umodzi, komanso asatame ndi timinda tambirimbiri topanda zokolola.

Pa sikelo yotere Paulo Freire ndi wolemera koopsa. Mu 2016 Elliott Green wa ku London School of Economics anafufuza mu Google Scholar mabuku onena za anthu ndi chikhalidwe chawo amene atchulidwa kwambiri pa dziko lonse. Buku la Freire lotchedwa Pedagogia do Oprimido, ndiye kuti maphunziro a munthu woponderezedwa, linakhala lachitatu. Linali litatchulidwa nthawi zoposa 72,000. Loyamba linali la Thomas Kuhn, lonena za momwe sayansi imasinthira. Lachiwiri, ndinene pang'ono chifukwa ndife alimi, linali la Everett Rogers, lofotokoza momwe chinthu chatsopano chimafalira pakati pa anthu. Maphunziro amenewa anayambira pa alimi a ku Iowa, ku America, amene ankakayika kubzala chimanga cha haibulidi, monga momwe ambiri kuno anakayikira poyamba.

Nthawi 72,000 si masewera. Koma tifunse: nambala imeneyi ikutiuza chiyani?

Ikutiuza kuti anthu ophunzira amamutchula munthuyu. Siikutiuza ngati amamutchula momuyamika kapena momutsutsa. Pa chitsime dzina la sing'anga wochiritsa limamveka kawirikawiri, koma la wakuba nkhuku limamvekanso kawirikawiri. Kompyuta siisiyanitsa. Ku Brasil komweko, mu 2012 lamulo linamupatsa Freire ulemu wokhala tate wa maphunziro a dzikolo, koma m'zaka za 2018 ndi 2019 Jair Bolsonaro ndi omutsatira ankamunyoza poyera, kunena kuti ndi amene anaononga sukulu. Ophunzira a mbali zonse ziwiri akalemba zokangana, dzina la Freire limakwerabe pa sikelo. Palinso ambiri amene amatchula buku lotchuka pongofuna kuoneka kuti analiwerenga.

Chibowo china ndi cha chilankhulo. Mindandanda ikuluikulu imene mayunivesite amadalira imawerenga makamaka magazini a sayansi olembedwa m'Chingerezi. Zolembedwa m'Chipwitikizi zimalowa pang'ono, za m'Chinyanja ndiye musafunse n'komwe. Google Scholar imatola zambiri, koma zokhazo zimene zili pa intaneti. Lipoti limene wofufuza wapereka ku unduna wa maphunziro, buku lothandiza aphunzitsi, pologalamu ya pa wailesi, zonsezi zimasintha kalasi koma pa sikelo zimapepuka ngati mankhusu. Mphunzitsi wa kumudzi amene wagwiritsa ntchito nzeru za wofufuza kwa zaka 20 salemba nkhani yoti amutchule. Akatswiri enieniwo anaona vutoli, ndipo mu 2012 gulu la ofufuza ndi akonzi a magazini linagwirizana ku San Francisco chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti munthu aziyezedwa ndi zimene zili m'kati mwa ntchito yake, osati ndi kutchuka kwa magazini imene yasindikiza.

Tsono tisiye kaye nambala za m'mayunivesite. Tipite kumene Freire anaphunzitsa anthu enieni.

MAOLA 40 KU ANGICOS

Angicos ndi tauni yaing'ono ya kumpoto chakum'mawa kwa Brasil, dera louma ndi losauka. Kumayambiriro kwa 1963 Freire ndi gulu la ana a sukulu a ku yunivesite anapita kumeneko kukaphunzitsa akuluakulu amene sanaponde m'kalasi. Sanayambe ndi buku. Anayamba ndi kuyenda khomo ndi khomo, kucheza ndi anthu ndi kulemba mawu amene anthuwo amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, a kumunda, a kumsika, a njala ndi a ngongole. Pa mawu amenewo anasankhapo ochepa oti akhale mbewu.

Chitsanzo chodziwika cha njira ya Freire ndi mawu oti tijolo, njerwa. Madzulo, anthu ataweruka ku ntchito, ankawaonetsa chithunzi cha anthu omanga nyumba, n'kuyamba kukambirana. Ndani amaumba njerwa? Nanga n'chifukwa chiyani woumba njerwa amagona m'nyumba ya dothi? Atakambirana mokwanira, mawuwo ankawaduladula: ti, jo, lo. Kenaka banja la chidutswa chilichonse: ta te ti to tu, ja je ji jo ju, la le li lo lu. Usiku womwewo munthu ankatha kulumikiza yekha zidutswazo n'kupeza mawu ena, monga loja, lata, luta. Kuno kwathu tikanatenga mawu oti madzi: ma me mi mo mu, dza dze dzi dzo dzu. Posachedwa gogo akanalemba yekha mudzi, mame, modzi, ali m'kati mokambirana za mjigo umene unafa chaka chatha.

Freire ankadana ndi kaphunzitsidwe koti mphunzitsi amathira nzeru m'mutu mwa wophunzira ngati munthu wosunga ndalama ku banki, wophunzirayo n'kumangobwereza. Iye ankati wamkulu amabwera m'kalasi akudziwa kale zambiri za moyo wake, chimene akusowa ndi zilembo.

Anthu pafupifupi 300 anaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'maola 40 a maphunziro. Pa 2 Epulo 1963 Pulezidenti João Goulart anapita yekha ku Angicos kukatseka maphunzirowo. Panali chifukwa. Masiku amenewo ku Brasil munthu wosadziwa kulemba sankaloledwa kuvota, ndipo lamulo limeneli linasintha mu 1985. Choncho aliyense wophunzira kulemba dzina lake anali voti yatsopano. Boma linamupatsa Freire ntchito yofalitsa njirayi m'dziko lonse, ndi cholinga chotsegula magulu 20,000. Sizinatheke. Kumapeto kwa Malichi 1964 asilikali analanda boma, pologalamu inatsekedwa, ndipo Freire anakhala m'ndende masiku pafupifupi 70. Atatuluka anathawira ku Bolivia, kenaka ku Chile. Kumeneko ndi kumene analemba buku lotchuka lija mu 1968. Linatuluka m'Chingerezi mu 1970, pamene kwawo ku Brasil linasindikizidwa mu 1974.

Onani tsono. Anthu 300 a ku Angicos mu nambala ija ya 72,000 mulibemo. Komanso asilikali amene anatseka pologalamuyo sanafunse h-index ya munthu. Iwo anayeza ndi mantha awo, ndipo kwa ine muyeso umenewo unanena zoona kuposa kompyuta.

KUMENE ZINAKANIKA

Tikanalekera pamenepa, mukanati sikelo ya ophunzira ndi ya anthu wamba zikugwirizana: munthu wotchuka, ntchito yabwino. Koma pali Guiné-Bissau.

Kuyambira 1970 Freire ankagwira ntchito ku Geneva, ku bungwe la mipingo ya dziko lonse. Mu 1975 boma latsopano la Guiné-Bissau, limene linali litangotuluka mu utsamunda wa Apwitikizi monga ifenso, linamuitana kudzera mwa Mário Cabral, amene ankayang'anira maphunziro. Freire ndi anzake anapitako kangapo, analangiza, ndipo mu 1977 anatulutsa buku la makalata ake, Cartas à Guiné-Bissau, limene linawerengedwa m'maiko ambiri. Bukuli nalonso limatchulidwa m'mayunivesite.

Nanga anthu anaphunzira? Mayi wina wa ku Canada, Linda Harasim, anafufuza nkhaniyi ndipo mu 1983 analemba kuti ofesi ya maphunziro a akulu ya dzikolo inavomera yokha kuti pa anthu 26,000 amene analowa m'makalasi, panalibe pafupifupi aliyense amene anafika podziwa kuwerenga ndi kulemba moti n'kumuthandiza pa moyo wake. Iye anati Freire anawaona alimi a kumeneko monga momwe ankafunira kuti akhale, osati monga momwe analili, ndipo m'midzi yambiri munalibe chowerenga chilichonse choti munthu avutikire zilembo.

Freire mwini analoza kwina. Chipani cholamula chinasankha kuti maphunziro achitike m'Chipwitikizi, pamene anthu a m'midzi ankalankhula Chibalanta, Chifula, Chimandinga ndi zina, ndipo chowagwirizanitsa chinali Crioulo. Njira ya ku Angicos inaima pa mawu amene munthu amawadziwa kuyambira ali pamsana pa mayi ake. Mlimi wa ku Brasil ankadziwa tijolo asanaone chilembo. Mlimi wa ku Guiné anafunika kuphunzira mawuwo, tanthauzo lake ndi zilembo zake pa nthawi imodzi. Mu 1977 Freire analembera Mário Cabral kalata yodandaula za chilankhulochi, koma kalatayo inasindikizidwa patapita zaka zingapo, ndipo ili mu buku limene analemba ndi Donaldo Macedo mu 1987.

Ndikuona kuti onse awiri ali ndi mbali yawo ya choonadi. Koma chimene chikundikhudza ndi ichi: sikelo ya mayunivesite inalemba Angicos ndi Guiné-Bissau mbali imodzi, ngati phindu. Kumene anthu anaphunzira, dzina linakwera. Kumene sanaphunzire, dzina linakweranso.

NKHANI YOMWEYI KWATHU KUNO

Akuluakulu amene mukuwerenga kapena kumvetsera wina akukuwerengerani tsamba lino, nkhani ya Guiné-Bissau simukuimva ngati yachilendo. Pamene Moçambique analandira ufulu mu 1975, anthu pafupifupi 93 mwa 100 aliwonse sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 boma linayambitsa kampeni ya dziko lonse ya alfabetizasau, sukulu ya akulu ija ya pansi pa mtengo, m'mafakitale ndi m'midzi. Inachitika m'Chipwitikizi, chimene chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha umodzi wa dziko. Kalembera wa 1980 anapeza kuti osadziwa kuwerenga atsika kufika pa 72 mwa 100. Kenaka nkhondo inakula, sukulu zambiri zinatenthedwa kapena kutsekedwa, ndipo anthu a m'maboma a m'malire anathawira ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Kalembera wa 2017 anapeza 39 mwa 100, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi a kumudzi.

Mwana wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga ankalowa kalasi loyamba akulankhula Chinyanja chokha, n'kupeza mphunzitsi amene lamulo linkamuuza kuti alankhule Chipwitikizi chokha. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa: kuimba mawu osawamva, kubwereza kalasi, kenaka kusiya.

Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la boma lokonza maphunziro, INDE, linayesa njira ina yotchedwa PEBIMO. M'makalasi ochepa a m'chigawo cha Tete ana anayamba kuphunzira m'Chinyanja, ndipo m'chigawo cha Gaza m'Chichangana, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Ntchitoyi sinali ya Freire, koma funso lake linali lomwe lija la m'kalata ya kwa Mário Cabral. Amene anabwera kudzaunika zotsatira anali Carol Benson, mayi wofufuza za maphunziro wa ku America. Mayiyu anali atachita kale kafukufuku wa udokotala wake ku Guiné-Bissau komweko, pa sukulu zimene zinayesa kuphunzitsa ana m'Crioulo, ndipo anamaliza mu 1994.

Benson sanabise zofooka za PEBIMO, makamaka pa kakonzedwe ka ntchitoyo ndi pa kusamutsa ana kuchoka ku chilankhulo chawo kupita ku Chipwitikizi. Koma anapeza kuti ana a m'makalasi amenewa ankayankha ndi kufunsa mafunso mopanda mantha, ankatha kuwerenga ndi kulemba m'zilankhulo ziwiri, atsikana anapindula moonekeratu, ndipo makolo anaikonda njirayi. Analemba zimenezi m'nkhani ya mu 2000 ndi mu lipoti la 2001. Mu 2003 boma linayamba maphunziro a zilankhulo ziwiri m'sukulu zosankhidwa za m'zigawo, ndi zilankhulo 16 za m'dziko muno, Chinyanja chili m'gulu.

Mukaika lipoti limenelo pa sikelo ya Google Scholar pambali pa buku la Freire, lili ngati nkhuku pambali pa ng'ombe. Koma lipotilo linafika pa tebulo la anthu amene ankakonza silabasi ya ana athu, pa nthawi imene ankafuna umboni. Ine ndikanakhala pa komiti yokweza anthu pa ntchito, ndikanafunsa nambala ya kutchulidwa, inde, chifukwa imaonetsa kuti anzake a munthuyo sanamunyalanyaze. Koma ndikanafunsanso kuti: ndi kalasi liti limene linasintha, ana angati anafika giredi 5, ndipo ndani anapita kukaona patapita zaka 10? Mafunso otere ndi odula, amafuna galimoto, mafuta ndi munthu wopirira fumbi la msewu wa ku Chifunde. Kuwerenga maina pa kompyuta kumatenga mphindi imodzi. N'chifukwa chake akuluakulu amakukonda.

Alipo amene amapita kukaona. Feliciano Chimbutane, wa ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane, anakhala m'makalasi a sukulu ziwiri za zilankhulo ziwiri m'chigawo cha Gaza, ina ya Chichangana, ina ya Chichopi, ndipo anatulutsa buku lake mu 2011. Anapeza makolo onyadira kuona chilankhulo chawo chitalembedwa pa bolodi, ndi ana otsutsana ndi mphunzitsi momasuka pa nkhani zimene amazidziwa kuchokera kunyumba. Anapezanso kuti mabuku a m'zilankhulo zimenezi anali osowa kwambiri, aphunzitsi anali ataphunzitsidwa njirayi kwa nthawi yochepa, ndipo ana ankavutikabe ikafika nthawi yoti maphunziro onse asamukire ku Chipwitikizi.